Zomba, Linga Losamangidwa ndi Manja

Mbalule, yankhula! Mpanje, vomera! Mbiti, mbiti, mbitimbiti!

Ndinu a Zomba, Linga-losamangidwa-ndi-manja, Khoma-lopanda-mmisiri, Mtsamiro-wa-mitambo, Chimfunda-nkhungu wa mwezi wa June. Atsamunda anasenzetsa anthu miyala kukamanga Fort Lister pakati pa Mulanje ndi Michesi mu 1893, anawasenzetsanso pamwamba pa phiri ku Fort Mangochi, koma inu simunapemphe njerwa ngakhale imodzi. Munangoima nji, mutu wanu Malumbe utapyola mamita 2,000, m'bale wanu Malosa ali chakumpoto, mtsinje wa Domasi ukudutsa pakati panu. M'masiku a mikondo ndi magoli a akapolo, mayi wobereka khanda ankathawira kumapiri otere. Mbisa-othawa, landirani moni!

Mbiti! Tadzuka m'mamawa, tayambira pamsika. Amayi a mandasi, Chithyola-njala-ya-m'mawa, tipatseni otentha a pansi pa beseniwo. Amayi a zitumbuwa, tikulungireni ziwiri za panjira, thobwa mutithirire m'botolo, poti phiri silikweredwa ndi mimba yopanda kanthu.

Tauni ya pamapazi a linga, nawenso imva dzina lako. Likulu-la-dzana, unasunga boma kuyambira 1891 mpaka 1975 pamene Lilongwe anakulanda mpando. Nyumba ya Masongola ya nsanja zosongoka, yomangidwa ndi Buchanan mu 1886, ikadali pomwepo. Nsanja ya asilikali a King's African Rifles ikadasunga maina a ana athu amene anapita kunkhondo yaikulu yoyamba osabwerako. Koma makoma ena amene manja a anthu anamanga kuno ng'oma imawatchula mogwetsa mawu: ndende yaikulu ya 1935, ndi Mikuyu kuchigwa uko, kumene Jack Mapanje anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991. Amenewo ndi makoma otsekera munthu. Lanu, a Zomba, munthu amalikwera kuti aone kutali.

Mbitimbiti! Njira ya Mbatata, Chithyola-maondo, Mphunzitsa-kupuma! Sunalembedwe ndi injiniya, unapondedwa ndi mapazi a alimi otsitsira kachewere kumsika. Ife tikukwera wefuwefu, thukuta kamukamu, ndipo taonani akutsika: amayi mitolo ya nkhuni pamutu yotalika kuposa eni ake, anyamata matabwa pankhata, khosi lili gwa, maso panjira. Patukani, apatseni njira! Moni amayi, mwaswera bwanji? Ulemu wa ng'oma iyi ndi wanu, inu Asenza-phiri, inu amene mumatsika kukada ndi kukwera kusanache, inu amene moto wophikira tauni yonse umadutsa pamitu yanu. Ife timakwera tsiku limodzi n'kukasimba mwezi wonse. Inu palibe amene amakuimbirani. Lero mwaimbiridwa.

Ku Chawe, Pakamwa-pa-linga, Mlandira-alendo! Anyamata atithamangira ndi timbale: sitiroberi wofiira psuu, tizipatso tachikasu tothyoledwa m'minga, magalagadeya, ena miyala yonyezimira m'manja. Achimwene, musatsitse mtengo mpaka kumuliza mwana, anakwera nazo kutali. Idyani, madzi ake atsikire m'chigongono.

Mulunguzi, Mmwetsa-mzinda! Khoma la damu lako ndi lokhalo la anthu limene tikulivinira ndi mtima wonse, poti likutsekera madzi kuti mpopi wa ku Matawale ndi wa ku Chinamwali usaume. Williams Falls, Chisambitsa-otopa, madzi ozizira zii olasa m'mano!

Tsono m'mphepete mwenimweni, pamene nthaka yathera ndipo mphepo yayambira. Apa anaima mayi wa Mfumukazi ya ku Britain mu 1957, pakutchedwa Queen's View. Apa anaima Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965, pakutchedwa Emperor's View, ndipo Marasta amakwerabe kudzapalemekeza. Mafumu anabwera ndi galimoto, ife tabwera ndi mapazi, koma mwationetsa zomwezo: Mulanje wabuluu kutali, chigwa cha Phalombe, nyanja ya Chilwa ili mbee, chilumba cha Chisi chitakhala pakati. Kumadzulo uko kuli Dzenje la Chingwe, Mmeza-osabweza, limene akulu amati munkaponyedwa anthu. Pamenepo ng'oma siichedwa, ingoyang'ana Shire pansi n'kubwerera.

Koma a Zomba, chovala chanu chili kuti? Paini wagwa, zitsa zili mbwee, moto wa chilimwe wanyambita mapewa anu mpaka kuda bii. Wodula mtengo sitimutukwana, njala yake tikuidziwa, koma linga lovula silisunga madzi, ndipo Mulunguzi ndi Likangala akachepa, mpunga wa kuchigwa ulira, Chilwa alira. Anaphwapo mu 1968, anaphwanso mu 1995 ndi mu 2018, mabwato a ku Kachulu atakhala pamatope ong'ambika. Obzala mbande m'mitsinje yanu, Aveka-phiri, ng'oma ikugwadirani!

Mbiti, mbiti! Dzuwa lapendeka, maondo akunjenjemera, tatsika. Achimwene a pachiwaya, Mfumu-ya-utsi, chipisi cha kachewere yemwe uja amatsikira pa Njira ya Mbatata, thirani mchere, tsabola musaumire. Amayi a kumsika, tipakulireni nsima yolimba, matemba a ku Chilwa okazinga ndi tomato, makumba ngati alipo, mpunga wa ku Likangala wa alendo. Bweretsani madzi tisambe m'manja, oimba ng'oma ayambe ndiwo, anjatula zikhatho tsiku lonse!