Kudekha kapena Kudzionetsera: Mlandu wa Kanema wa Rungano Nyoni

M'misika ya m'boma la Ntcheu, monga pa Lizulu, pa Kampepuza ndi pa Tsangano, mumapezeka tinyumba toonetseramo kanema, ndipo ana ambiri a sukulu anayamba kuona kanema m'menemo. Iwo anazolowera zithunzi za ku Nigeria ndi za ankhonya a ku China, zimene anyamata aluso amazimasulira m'Chichewa. M'zithunzi zotere simupita mphindi popanda chochitika: wina wamenyedwa, wina walira, mfiti yauluka. Munthu woleredwa ndi zimenezi akaona kanema wa Rungano Nyoni wotchedwa I Am Not a Witch, ndiko kunena kuti "Sindine Mfiti", angaganize kuti makina aonongeka, pakuti kamera imaima nthawi yaitali pa nkhope ya mwana, mwanayo ali duu, osanena kanthu.

Pa kanema wotere anthu amagawikana pawiri. Ena amati mkonzi wake ndi mmisiri weniweni, wodziwa kulankhula ndi zithunzi m'malo mwa mawu. Ena amati kuchedwa konseko ndi matama chabe, njira yokondweretsera Azungu opereka mphotho. Mphunzitsi wa mawa ayenera kudziwa kuweruza mlandu wotere, chifukwa muyeso woyesera kanema ndi womwewo woyesera nthano, ndakatulo ndi phunziro la m'kalasi.

Rungano Nyoni anabadwira ku Lusaka m'chaka cha 1982, napita ku Wales akali mwana. Atakonza makanema aafupi, monga Mwansa the Great wa 2011, anatulutsa I Am Not a Witch m'chaka cha 2017, ndipo anamuonetsa koyamba ku Cannes, m'dziko la France. Chaka chotsatira kanemayu analandira mphotho ya BAFTA ku London, ya ntchito yoyamba yopambana. Kanema wake wachiwiri, On Becoming a Guinea Fowl, anampatsa mphotho ina ku Cannes m'chaka cha 2024. Woyamba uja anajambulidwa ku Zambia, ndipo anthu a m'menemo amalankhula Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chingerezi, kotero kuti munthu wa ku Ntcheu amamva zina za zonenedwazo ndi khutu lake, osadalira mawu olembedwa m'munsi.

Nkhani yake ndi yaifupi. Mtsikana wosakwana zaka 10, wosadziwika kwawo, aoneka pa mudzi. Mayi wina wosenza madzi atamuona agwa, madzi natayika, ndipo anthu atengera mwanayo ku polisi kuti ndi mfiti. Mwamuna wina achitira umboni kuti mwanayo anamdula mkono ndi nkhwangwa, chikhalirecho mikono yake yonse iwiri ilipo. Pambuyo pake zidziwika kuti anali maloto. Mwana sakuvomera, sakukana. Mkulu wa boma, Bambo Banda, ampereka kwa sing'anga, ndipo pomaliza amtsekera m'nyumba usiku atammangirira riboni yoyera yaitali kumsana, namuuza kuti asankhe: akaidula asanduka mbuzi, akaisiya akhala mfiti. Kutacha riboni ili yosadulidwa. Motero alowa m'gulu la amayi okalamba amene onse ali ndi mariboni awo, okulungidwa pa zigudumu zazikulu, ndipo amatengedwa pa lole kukalima minda. Amayiwo amutcha dzina lakuti Shula, ndiko kuti wozulidwa. Wophunzira zilankhulo aona yekha ubale wa liwuli ndi "kuzula" kwa Chichewa. Bambo Banda apeza naye phindu: amuimika pa milandu kuti aloze mbala, amuonetsa kwa alendo odzaona dziko, amuuza kuti agwetse mvula pa nthawi ya chilala. Kumapeto mtembo wa mwanayo utayidwa pansi kuchokera m'ngolo, amayi aja aulira, mvula nigwa.

Nkhani yonseyi munthu angaikambe m'mphindi zisanu, koma kanema atenga mphindi 93. Funso tsono ndi ili: kodi nthawi yotsalayo ikugwira ntchito yanji? Njira yabwino yoyankhira ndiyo kutenga chigawo chilichonse chochedwa ndi kufunsa chimene chikadatayika mkonzi akadachifupikitsa. Ngati palibe chotayika, kuchedwako ndi kudzionetsera. Ngati chilipo, ndi luso. Anthu a m'midzi amadziwa kale muyeso umenewu. Wokamba nthano akafika pamene mwana wamasiye watsala yekha kuthengo, amaimitsa nkhani nayamba nyimbo, omvera namavomera kawiri kapena katatu. Nyimboyo siionjezera chochitika chatsopano, koma ataichotsa, omvera angadziwe kuti mwana anavutika osamva chisoni chake. Koma wokamba wina amabwereza nyimbo chifukwa chokonda mawu ake omwe, ndipo ana amayamba kuodzera asanamalize.

Poyesa ndi muyeso uwu, zigawo zitatu za kanemayu zipezeka zolimba.

Choyamba ndicho cha ku polisi. Anthu adzaza pa zenera ndi pa khomo, onse akulankhula, ndipo mwana yekha ali chete. Pokhalitsa pa nkhope yake, kamera ikakamiza woonera kuchita chimene khamulo likuchita, ndiko kuyang'anitsitsa mwana ndi kufunafuna chizindikiro. Posachedwa woonera adzipeza akufunsa mumtima chifukwa chake mwanayo sakudziteteza, ndipo pamenepo wayamba kale kumkayikira. Chigawochi chikadakhala chachifupi, woonera akadangoseka umbuli wa anthu a pa mudzi napitirira, osazindikira kuti mbewu ya mlandu wotere ili mwa iye yemwe.

Chachiwiri ndicho cha fanelo. Mmodzi wa amayi aja apatsa Shula fanelo kuti aike ku khutu, ndipo ali kumunda amvera mawu a ana ophunzira m'sukulu ya patali. Palibe womuuza woonera kuti mwanayu akulakalaka sukulu. Nthawi imene kamera ikhala naye ali chimvetsere ndiyo inena zimenezo. Pambuyo pake, atalowa m'kalasi kwa kanthawi nakokedwamo ndi riboni yake, woonera amva kupweteka kwake chifukwa anadikira naye limodzi kumunda kuja.

Chachitatu ndicho cha pa wailesi ya kanema, pamene Bambo Banda apita naye kukatsatsa mazira otchedwa dzina lake. Pabwera funso lakuti nanga bwanji ngati iyeyu ali mwana chabe. Yankho lenileni palibe, ndipo kamera ikhala pa nkhope ya Shula kufikira misozi ilengeza. Apa kukhala chete kuli ndi ntchito yake, pakuti mawu alionse akadapatsa akuluakuluwo pothawira. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'zigawo zitatuzi mkonzi wadekha kufikira nkhono yatulutsa maso.

Koma odandaula aja sali olakwa m'zonse, ndipo mawu awo ayenera kumveka.

Kanemayu ayamba ndi nyimbo ya Vivaldi, woimba wa ku Venice wa zaka za m'ma 1700, pamene alendo afika kudzaona amayi omangidwa aja. Munthu wa ku Ulaya amene aidziwa nyimboyi amva chipongwe chimene mkonzi akuchitira alendowo. Munthu wa pa Lizulu angomva zeze wachilendo. Pamenepa mkonzi akulankhula ndi omvera amodzi, ena nawasiya panja. Ndiponso wojambula wake, David Gallego wa ku Colombia, ali ndi diso lakuthwa kotero kuti mariboni oyera ouluzika pa nthaka youma akongola kopambana. Nthawi zina kamera ichedwa pa kukongolako kokha, ndipo woonera asanduka ngati alendo aja, wosirira chithunzi cha anthu ovutika. Chigawo chotere chitafupikitsidwa, nkhani ya Shula siitaya kanthu.

Chinanso, mariboni amenewa ndi nzeru ya mkonzi. Kulibe mudzi kumene amamanga anthu motero. Midzi yosungiramo amayi onenedwa ufiti, monga wa Gambaga, ili kumpoto kwa dziko la Ghana, ndipo Nyoni anakakhala kanthawi m'mudzi wina wotere asanalembe nkhani yake. Kusakaniza za Ghana, za Zambia ndi za m'mutu si kulakwa, pakuti nthano imatero. Kalulu ndi njovu sizilankhula m'nkhalango ya Dzonzi, koma palibe woti wokamba wanama. Vuto ndi lakuti zithunzi zojambulidwa ndi kamera zimaoneka ngati umboni, ndipo mlendo wosadziwa angapite nazo kwawo monga mbiri yoona ya Afirika.

Cholakwa chachikulu koposa chili pa anthu oneneza. Kanemayu apatsa Shula nthawi yambiri, koma onena mlandu awaonetsa mothamanga, monga zitsiru kapena akuba. M'moyo weniweni sizikhala zophweka chotero. M'mwezi wa Januwale 2016, m'boma la Neno, limene lichita malire ndi Ntcheu, anthu okalamba anayi anaphedwa ndi khamu pambuyo pakuti mphezi inapha mtsikana wa pa mudzi pawo. Kumene mlandu wotere umayambira ndi pa maliro, pamene anthu osweka mtima afuna wina woti amloze chala. Lamulo la za ufiti la 1911 linaletsa kumwetsa mwavi ndi kunenera munthu ufiti, koma patapita zaka zoposa 100 zinthu zotere zinachitikabe, chifukwa lamulo silitonthoza wofedwa. Mkonzi akadaimika kamera yake mphindi imodzi pa nkhope ya mayi wotaya mwana amene akufuna yankho, kanema wake akadakhala woopsa koposa ndi woona koposa. Pamenepa cholakwa si kuchedwa ayi, koma kufulumira.

Za mathero ake anthu amatsutsana kwambiri, pakuti kanema sanena chimene chinapha Shula. Chisanafike chimenecho mwanayo anena kuti kukadakhala bwino akadasankha kukhala mbuzi. Kenaka pangooneka ngolo, mtembo, mvula, ndi mariboni akuuluzika opanda anthu. Ena amati mkonzi wabisala m'chimbuuzi poopa kumaliza nkhani yake. Koma mvula ija ikupereka yankho lowawa: anthu amene anafuna mvula aipeza, ndipo adzanena kuti mfiti yagwira ntchito yake. Imfa ya mwana siiwaphunzitsa kanthu. Akadaonetsedwa munthu mmodzi wopha, woonera akadamuda iyeyo yekha napumula. Posamuonetsa, mlandu utsalira onse amene anagwira riboni, kuyambira kwa mfumu kufikira kwa mlendo wodzijambula naye chithunzi.

Chiweruzo tsono chikhale chotere. I Am Not a Witch si kanema wangwiro, ndipo muli malo amene mkonzi akuyang'ana ku Cannes koposa ku Lusaka. Koma kuchedwa kwake, m'zigawo zimene zisenza nkhani, kuli ndi chifukwa chooneka, ndipo wonena kuti zonsezo ndi matama sanayese chigawo ndi chigawo. Zithunzi zambiri za m'tinyumba ta pa msika zimaonetsa mfiti ikuuluka, mwana natuluka ali wotsimikiza kuti agogo a kuseri kwa nyumba yawo angathe kutero. Kanema uyu aonetsa kapangidwe ka mfiti ndi pakamwa pa anthu, ndipo ntchito imeneyo siichitika mothamanga.

Mphunzitsi ali ndi phindu lake pa nkhani iyi. Mary Budd Rowe, mphunzitsi wa sayansi wa ku America, anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amadikira ngati sekondi imodzi yokha asanaloze mwana wina kapena kudziyankha okha. Ndipo kuti akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho amatalika, ndi ana amene kale sanali kuyankha amayamba kuyankha. M'kalasi yodzaza ya Sitandade 2 simulephera kukhala mwana wonga Shula, wobwera kumene, wamasiye kapena wolankhula chilankhulo china, amene akafunsidwa amangoti kukamwa tsekee. Anzake samachedwa kumpatsa dzina, ndipo dzina loperekedwa pa bwalo la sukulu limafika kumudzi dzuwa lisanalowe. Mphunzitsi wothamangira kumaliza phunziro amathandiza kulikhazikitsa dzinalo osadziwa.

Chifukwa chake nkoyenera kuti ophunzira uphunzitsi aonere kanemayu pamodzi, ali ndi pepala m'manja. Aliyense alembe zigawo zitatu zimene zinamtopetsa, ndipo pa chilichonse anene chimene chikadatayika chikadafupikitsidwa. Pamene gulu lipeza kuti palibe chotayika, linene poyera, osaopa mphotho za ku London. Atatero, aliyense atenge muyeso womwewo kupita nawo ku sukulu yoyeserera, nawerenge mumtima masekondi amene amapatsa mwana wachete asanaloze mnzake.