Cipululu copanda anthu: kuwelenga Henno Martin ku Namibia

Buku la Henno Martin lochedwa The Sheltering Desert ndinaligula ku Swakopmund, pa chuti ca December. Ndinacoka ku Lusaka pa basi, kudzela ku Livingstone ndi Sesheke, n'kuwoloka Zambezi pa ulalo wa Katima Mulilo. Ndinakhala milungu inayi kwa msuweni wanga amene amasewenza ku Walvis Bay. Masana ndinali kuyendayenda monga mlendo aliyense, usiku n'kumawelenga. Conco zimene ndikamba pano zikhudza buku, komanso zikhudza maso amene bukulo linandibweleka.

Martin ndi mnzake Hermann Korn anali akatswili a miyala ocokela ku Germany, ndipo anafika m'dzikolo mu 1935. Nkhondo yaciwili ya dziko lonse itabuka, boma la South Africa, limene linali kulamulila kumeneko, linayamba kutsekela amuna acijelemani m'misasa. Mu 1940 awiliwa anatenga galimoto, mfuti ndi galu wao Otto, n'kukabisala m'zigwembe za mtsinje wa Kuiseb, m'cipululu ca Namib. Anakhalako zaka zopitilila ziwili. Anatuluka mu 1942, Korn atadwala beriberi, matenda obwela cifukwa cosowa vitamini B1. Bukuli linayamba kutuluka m'Cijelemani mu 1956.

Ubwino wake ndi wosabisika. Martin amalemba monga munthu wozolowela kupenyetsetsa mwala asanauche dzina. Akamafotokoza za kusakila madzi, kuwedza nsomba m'maiwe otsalila mumtsinje wouma, kapena kulondola mbidzi tsiku lathunthu njala ili m'mimba, sathamanga ndiponso sadzitama. Ophunzila anga akalemba za ulendo, onse amati malo anali okongola kwambili, basi. Ndimafuna ataona mmene munthu uyu amachulila cinthu cimodzi panthawi imodzi mpaka ludzu lake likugwile iwe wowelenga.

Koma pamene ndinali kupita kumapeto, ndinayamba kufunsa kuti: anthu ali kuti? M'masamba ake muli azungu awili, galu ndi nyama. Madzulo awiliwo amakambilana za ciyambi ca munthu ndi za alenje akalekale, ndipo moyo wa m'cipululu amauona monga kubwelela ku nthawi imene inatha. Ndidziwa kuti wobisala safuna kukumana ndi anthu, ndipo pa ici sindiwaimba mlandu. Vuto lili pa cithunzi cimene wowelenga amatsala naco, cakuti Namib ndi malo opanda mwini, oyembekezela munthu wolimba mtima wocokela kutali. Cikhalileco kumunsi kwa mtsinje umodzimodziwo kumakhala a Topnaar, amene kwa mibadwo yambili aweta mbuzi ndi kukolola cipatso ca !nara comela pa zitsamba zaminga mumcenga. Cimene Martin anapilila zaka ziwili n'kulembapo buku, kwa iwo ndi moyo wa masiku onse.

Cithunzi cimeneci sicinathele m'buku. Ndinacipezanso pa timapepala toitanila alendo. Ndinakwela Dune 7, phili la mcenga pafupi ndi Walvis Bay, mapazi akumila pa sitepe iliyonse. Ndinaona mbalame za flamingo zitadzaza m'madzi osaya. Pa mseu wa makilomita pafupifupi 30 wopita ku Swakopmund, mcenga uli kudzanja lina, nyanja ya Atlantic kudzanja linalo, ndipo m'mawa nkhungu imaphimba zonse. Ine wobadwila m'dziko lopanda nyanja yamcele ndinalowa m'madzi ndi cimwemwe ca mwana, n'kutulukamo msanga cifukwa mafunde a Benguela ndi ozizila ngako. Zonsezi zinandikondweletsa, sindikana. Koma pa timapepala tija munthu wakuda amaoneka atagwila thileyi kapena ciwongolelo.

Tauni ya Swakopmund inamangidwa ndi Ajelemani mu 1892. Pakati pa 1904 ndi 1908, pamene asilikali ao anapulula Aherero ndi Anama, m'tauniyi munali msasa wa akaidi ogwilitsidwa nchito yakalavulagaga, ndipo ambili anafela momwemo. Manda ao ali kumapeto kwa tauni, timilu ta mcenga topanda maina. Pakati pa tauni paimilila cipilala colemekeza asilikali a Germany a nkhondo yomweyo. Boma la Germany linavomeleza mu 2021 kuti zimene zinacitikazo zinali kupulula mtundu. Martin anali kulemba za nkhondo ina, ndipo si mlandu wake kuti sanalembe mbili yonse ya dziko. Koma amene awelenga buku lake lokha angacoke ku Namibia akuganiza kuti cipululu cimangobisa othawa. Cimabisanso manda.

Cimene cinandicititsa manyazi ndi kabuku kanga. Ndinali kulemba tsiku lililonse, ndi colinga cakuti nkhani ya ulendowu ndidzaitumize ku magazini ino. Nditakawelenganso mlungu wothela, ndinapeza masamba odzaza ndi mcenga, dzuwa lolowa ndi mitengo ya cakudya. Munalibe mai wa ku Mondesa amene anandilongosolela basi yokwela. Munalibe madalaivala a kwathu amene ndinadya nao nsima pafupi ndi doko, atatsitsa mkuwa wocokela ku Copperbelt. Ndinali nditalemba monga Martin, koma popanda luso lake ndiponso popanda cifukwa cake cobisalila.

Ife a ku Zambia tayamba kuyenda, ndipo nkhani za maulendo m'Cinyanja n'zocepa. Zimene tilemba tsopano ndizo ana adzatengelako. Bukuli liwelengeni, makamaka inu ofuna kuphunzila kufotokoza malo. Ine ndidzawelengela kalasi langa cigawo ca kusakila madzi temu ikubwelayi. Ndikadzamaliza, ndidzawaonetsa mapu a Kuiseb ndi midzi ya a Topnaar, n'kuwauza kuti alembe za tsiku limodzi la mwana wa kumeneko. Nkhani yanga ya ulendo ndaiyambanso, ndipo tsamba loyamba ndi la mai wa ku Mondesa uja.