Dzanja la Mmisiri pa Denga la Pagoda

Anthu akaona Mercedes-Benz 280 SL, maso awo amathamangira ku penti ndi zitsulo zonyezimira. Ine ndimakonda kukhala pampando n'kuyang'ana m'mwamba, chifukwa dzanja la mmisiri limaonekera kumeneko.

Galimoto za mtundu uwu, W113, zinapangidwa kuyambira 1963 mpaka 1971. Denga lake lachitsulo limachotsedwa, ndipo ndi lolowa pang'ono pakati ngati denga la kachisi wa mtundu wa pagoda, n'chifukwa chake analitcha Pagoda. Zaka zikapita, nsalu ya mkati mwake imachita chikasu, guluu n'kutha mphamvu.

Pofuna kusintha nsaluyo, mmisiri amayamba ndi kuitana mnzake, poti dengalo ndi lolemera. Amaligoneka chagada pa mabulangete, n'kuchotsa magalasi, malabala ndi timizere tachitsulo. Kenako amapala guluu wakale, ntchito yotopetsa imene palibe adzaione. Koma kachibulu kamodzi kakatsalira, kadzatumphuka pansi pa nsalu yatsopano ngati chithupsa.

Chimene ndimasilira kwambiri ndi kakokedwe kake ka nsalu yatsopanoyo. Nsaluyo ili ndi timabowo ting'onoting'ono tondandalikana m'mizere, ndipo timabowoto sitibisa cholakwa: akakoka mbali imodzi mopitirira, mizere yonse imakhota. Choncho amayambira pakati n'kumapita m'mbali pang'onopang'ono, akuifunditsa ndi mpweya wotentha kuti ifewe, chikhatho chikusalaza. M'makona amacheka timano kuti nsalu ipindike popanda khwinya. Lumo amaligwira pomaliza penipeni, mpweya ataugwira m'chifuwa, pakuti akadula mofupikitsa nsalu yonse yatayika. Akamaliza kudula amabwezera magalasi, malabala n'kubisa mphepete zonse.