Mmbulu wa Prokofiev ndi Khutu la Mwana

Mwambo woitana ana a sukulu kudzamva gulu la orchestra likuimba pamaso pawo ndi wakale ndithu. Ku London, Robert Mayer anayambitsa makonsati otere mu 1923, ndipo kuno kummwera kwa Africa gulu la KwaZulu-Natal Philharmonic la ku Durban limachita zomwezo. Funso lovuta pa makonsatiwa ndi lakuti mwana amaphunzirapo kumva chiyani.

Nyimbo yomwe kawirikawiri siisowa pamenepa ndi Peter and the Wolf, yomwe Sergei Prokofiev anapeka mu 1936 atapemphedwa ndi Natalya Sats, mkulu wa nyumba ya zisudzo za ana ku Moscow. Kapangidwe kake ndi ka nthano. Mkambi amafotokoza nkhani, ndipo choimbira chilichonse chimaimira wina wake: chitoliro ndi mbalame, oboe ndi bakha, clarinet ndi mphaka, bassoon ndi agogo, malipenga atatu ndi mmbulu, pomwe mavayolini ndi zoimbira zina za nsambo ndiwo Peter. Mwana amatuluka akudziwa kusiyanitsa liwu la oboe ndi la clarinet, zomwe si zochepa ayi. Komatu amatulukanso ndi ganizo lakuti nyimbo iliyonse ili ndi chilombo chobisala m'kati mwake, ndipo akakumana ndi nyimbo yopanda nkhani amaona ngati wakanika kuimasulira.

Leonard Bernstein analiona vutoli. Pa konsati yake yoyamba ya ana ndi New York Philharmonic, pa 18 Januwale 1958, anaimbitsa chigawo cha William Tell ya Rossini. Ana anaizindikira ngati nyimbo ya The Lone Ranger ya pa kanema, iye n'kuwauza kuti nyimboyo siikamba za okwera pa akavalo. Anafika popeka nkhani yabodza ya Superman n'kuiveka pa Don Quixote ya Richard Strauss, pofuna kusonyeza kuti nkhani ingasinthidwe ngati malaya, nyimbo osasintha. Chodabwitsa n'chakuti phunziro lotsutsa mawulo linafunika mawu ochuluka zedi.

Njira ya Benjamin Britten mu The Young Person's Guide to the Orchestra ya mu 1945 ikuoneka yolemekeza mwana koposa. Britten anatenga kanyimbo ka Henry Purcell, n'kukapatsa choimbira chimodzichimodzi, kenaka n'kuzibweza zonse pamodzi zikuthamangitsana, mpaka kanyimbo koyamba kaja katabwerera ndi malipenga. Mulibe mmbulu kapena mlenje. Chomwe mwana amatsata ndi nyimbo yokhayo ikusanduka.

Kwa wodziwa nthano zakuno, pali chinanso chomwe nthano ya Prokofiev imasowa. Wokamba akati "padangotero", omvera amavomera kuti "tili tonse", ndipo nyimbo ya m'nthanomo amaimba onse. M'nyumba ya konsati mwana amalandira nthano koma amalandidwa kuvomera. Phunziro loyamba limakhala la kukhala chete ndi kudziwa nthawi yoombera m'manja. Ngakhale zili choncho, kukhala chete kumeneku kuli ndi mphindi yake yabwino. Kumapeto, mkambi amauza ana kuti atchere khutu, pakuti bakha uja anamezedwa wamoyo, ndipo oboe imamveka ikulira motsitsa kuchokera m'mimba mwa mmbulu.