Cala Coloza ndi Mapu a Maganizo: Ndemanga

Mapu a maganizo, amene Joseph Novak ndi anzake anayambitsa pa yunivesite ya Cornell mu 1972, amatamandidwa kuti amathandiza ophunzira kusinkhasinkha pamodzi. Ife sitikukana zimenezo. Cimene tikutsutsa ndi ganizo lofala lakuti mapuwa amagwira nchito mofanana, kaya ajambulidwa pa bolodi kapena pa intaneti.

Titenge citsanzo ca magulu a maina. Ophunzira anayi aima pa bolodi kuti alumikize munthu, mudzi ndi mtengo. Wina akoka mzere pakati pa munthu ndi mudzi, poona mu- amene ali kumayambiriro. Mnzake amlanda coko, nati, "Iai, ili lipite apo, tamverani: munthu uyu, anthu awa, koma mudzi uwu, midzi iyi." Mzere uja ufufutidwa. Phunziro lagona pa mkangano umenewo ndi pa kufufutako. Cithunzi cotsala pa bolodi ndi phulusa cabe la moto umene wazima.

Tiyenera kuzindikira cimene canyamula mkanganowo: mau oloza. Cinyanja cimasiyanitsa ili, ilo ndi lija, ndiponso apa, apo ndi paja. Awiri oyambawo amadalira malo amene wolankhula ndi womvera akuona pamodzi, ndi cala cimene onse akucitsata. Masukulu atatsekedwa mu 2020 cifukwa ca COVID-19, tinayesa phunziro lomweli pa Zoom. Wophunzira akati "apa", anzake ankafunsa kuti, "Pati?" Wina anali pa kompyuta, ambiri pa foni, pamene mapu onse saoneka nthawi imodzi. Anayamba kuchula dzina lililonse m'malo moloza, mkangano nuzirala. Kalozera wa pa kompyuta amathandizako, koma netiweki ikacedwa amafika mau atapita kale.

Komabe intaneti inationetsa cimene ife aphunzitsi tinali tisanacione. Pa bolodi, coko cimagwidwa ndi wolimba mtima, ndipo kawirikawiri wamng'ono satsutsa wamkulu pagulu. Pa mapu a pa intaneti, wophunzira wina wamanyazi anabwera usiku, nasuntha dzina lakuti galu kulicotsa pamene anzake analiika, nalemba pambali pake kuti: galu uyu, agalu awa. M'mawa mwake palibe anatsutsa, ndipo palibenso anamfunsa cifukwa.