Ndakatulo ya cikondi ili ndi ankhoswe ake

Ana a m'malire muno amalemba mayeso a mitundu iwiri. Amene amawoloka Muloza kukaphunzira ku Malawi amakumana ndi ndakatulo pa mayeso a MSCE, okonzedwa ndi a MANEB ku Zomba. Amene amaphunzira mbali ino ya Milange amakumana nazo m'Cipwitikizi. Zilankhulo n'zosiyana, koma akapatsidwa ndakatulo ya cikondi ambiri amagwa m'mbuna imodzi: amalemba kuti mfundo yaikulu ndi cikondi, amachula cifanifani cimodzi ndi cibwereza cimodzi, basi colembera pansi. Yankho lotere lingakwane pa ndakatulo iliyonse ya cikondi, conco silinanene kanthu za ndakatulo imene ili papepalapo.

Cimene cimasowa m'mayankhowa ndi anthu. Kwathu kuno, kwa Alomwe ndi Anyanja omwe, anthu awiri akakondana nkhani siithera pa iwo. Pamabwera ankhoswe, atsibweni ndi apongozi. Mwamuna amakamanga nyumba kwa mkazi, ana amakhala a mbumba ya mayi. Mwana wa zaka khumi amazidziwa zonsezi, koma akamalowa m'kalasi amazisiya pakhomo ngati nsapato zamatope.

Tengani buku la a Benedicto Wokomaatani Malunga la mu 2001, Ndidzakutengera Kunyanja Ligineti ndi Ndakatulo Zina. Mutu wokhawo ukukwana kuyambira. Muli kamawu kakuti "dza", ndiye kuti ulendowo sunacitike, ndi lonjezo cabe. Wophunzira adzifunse: wolonjezayu ndi ndani kwa mkaziyo? Pa cikamwini mkazi satengedwa pamudzi cisawawa. Ngakhale citengwa cimapemphedwa kwa eni mbumba. Nanga nyanjayo? Kwa munthu wa ku Blantyre, kunyanja ndi ku Mangochi kokapuma anthu a ndalama. Kwa ife nyanja yapafupi ndi Chilwa, kumene amuna amapalasira njinga kukapikula matemba. Lonjezo lopita ndi mkazi kunyanja yoyambayo likukhudza thumba, ndipo wowerenga ayenera kufufuza m'ndime zonse ngati woyankhulayo akulonjeza zotheka kapena akungokometsa ndi voko. Apa m'pamene kuwerenga kwayambira. Koma tisapitirire malire: wocongayo akufuna umboni wocokera m'mizere. Mwana wodzaza tsamba lonse ndi mwambo wa cikamwini osaloza mawu a mlakatuli nayenso wasocera.

A José Craveirinha, mlakatuli wa dziko lathu lino amene analandira mphoto ya Camões mu 1991, amatitengera kwina. Akazi awo a Maria anamwalira mu 1979, ndipo buku lochedwa Maria linatuluka mu 1988, kenako linatulukanso lokulirapo mu 1998. M'ndakatulo zimenezi mulibe kufunsirana. Woyankhulidwa ndi malemu, sangayankhe, ndipo cikondi cikuonekera m'nyumba imene yatsala zii. Awa ndi amayi amene anagwira banja pamene apolisi a PIDE anatsekera amuna awo kuyambira 1965 mpaka 1969. Mwana akadziwa zimenezi amamva kuti mawu a mlakatuliyo muli kulira, mulinso ngongole ya munthu amene wacedwa kuthokoza.

Pamenepa wowerenga wa kuno ali ndi mwayi umene mwana wa ku Maputo alibe. Kwathu mkamwini akaferedwa amasudzulidwa, nthawi zambiri n'kubwerera kwawo, nyumba n'kutsala ya ana ndi abale a mkazi. A Craveirinha anatsala ku Mafalala, akukalamba pakati pa zinthu za malemu. Kusiyanaku kumaonetsa cifukwa cake tinthu ta m'nyumba tikulemera cotere m'bukuli. Aphunzitsi amanena zoona kuti woyankhula m'ndakatulo si mlakatuli mwini wake, ndipo palibe amene amaganiza kuti a Malunga akufunsira Ligineti. Koma lamuloli silogwira paliponse. Pa buku la Maria, wolikakamira ataya theka la tanthauzo.

Ndakatulo yawo ina, Ao meu belo pai ex-emigrante, imanena za bambo awo, Mpwitikizi wa ku Algarve. Mayi awo anali Mronga. Wolemba kuti mfundo yake ndi cikondi ca mwana pa bambo sanalakwe, koma wangopala pamwamba. Uyu ndi munthu wolimbana ndi ulamuliro wa Apwitikizi akutamanda bambo wake Mpwitikizi, n'kumamuwerengera pamodzi ndi eni nthaka. Kodi izi n'zacilendo kwa ana athu? Ambiri bambo awo ndi a ku Mulanje, mayi ndi a kuseri kwa phiri la Tumbine. Ena makolo awo anabadwira ku Malawi mabanja atathawa nkhondo imene inatha mu 1992. Funso lakuti kholo langa ndi la dziko liti amalidziwa bwino kuposa mabuku ofotokozera ndakatulo.

Mabuku ndi osowa m'midzi muno, koma pophunzirira palipo. Nyimbo za pamtondo ndi ndakatulo za banja zenizeni. Mayi amaimba ngati akudandaulira mwamuna amene anapita ku Joni kapena ku minda ya tiyi osatumiza kanthu, pamene mawuwo akuponyera apongozi kapena mkazi mnzake amene akumva ali kuseri kwa nkhokwe. Wochulidwa ndi wina, wolasidwa ndi wina, ndipo funso la pa mayeso lofuna woyankhulidwa limakola ana pomwepa. Cigayo calanda nchito ya mtondo, koma agogo akadali nazo nyimbozi pamtima. Mwana amene akukonzekera mayeso awapemphe kuti amuimbire imodzi, ailembe m'ndime ngati za m'buku, kenako awafunse kuti tsiku limene ankaiimba, amene anali pafupi kumva anali ndani.