Kugwada Kokha Sikukwanira

Kale ku Ulaya kunali sukulu zophunzitsa ana aakazi a anthu olemera kuvina, kuvala ndi kulankhula mwaulemu kuti akapeze amuna achuma. Buku la Gail Carriger lotchedwa Etiquette & Espionage, limene linatuluka mu 2013, likuseka sukulu zoterezi. Nkhani yake ikuchitika ku Mangalande mu 1851. Sophronia, mtsikana wa zaka 14, atatopetsa amayi ake ndi kupulupudza, anatumizidwa kusukulu yotere, koma anakapeza kuti kumeneko amaphunzitsanso ukazitape.

Nthabwala zake n'zokoma, ndipo za chikondi zalembedwa mosachititsa manyazi. Chotidandaulitsa n'chakuti bodza ndi chinyengo zikuoneka ngati maseŵera chabe. Pamenepa makolo tiyenera kukambirana ndi ana athu.

Komabe bukuli likutifunsa ife a kuno ku Blantyre. Potumiza ana athu ku Stella Maris kapena ku Our Lady of Wisdom ku Limbe, kodi tikufuna akakule nzeru, kapena tikungoŵakonzera ukwati? Mtsikana wodziŵa kugwada koma wosaloledwa kuganiza, tamlanda mphatso imene Mulungu anampatsa.